Mmene mungadziwire ngati nyumba yosamalira okalamba ikuwasamaladi

Ku Mzuzu nyumba zosamalira okalamba n'zowerengeka, ndipo mabanja ambiri saziganizira n'komwe mpaka zinthu zitafika pothina: agogo agwidwa ndi sitiroko, ana ali pa ntchito ku Lilongwe kapena ku Joni, mdzukulu amene ankawasambitsa wasankhidwira ku sekondale yogonera komweko. Malo akapezeka, abale amangothokoza kuti bedi lilipo. Ena amaopa kufunsa zambiri poti malowo ndi a mpingo, ena poti mumtima akudziimba kale mlandu woti ataya kholo. Koma munthu amene mukukamusiya kumeneko mwina sangathe kunena yekha kuti ali ndi ludzu, choncho mafunso ake muyenera kumufunsira ndinu.

Penti watsopano, maluwa a pakhomo ndi masofa a mu ofesi zisakutengeni mtima. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chisamaliro chimaonekera pa thupi la munthu wofooketsetsa m'nyumbamo, m'mabuku amene antchito amalembamo, ndi pa zimene zimachitika usiku alendo onse atapita. Zambiri mwa zotsatirazi zingakuthandizeninso ngati mwalemba munthu ntchito yosamalira agogo pakhomo panu pomwepo.

Yambani ndi agogo anu

Musanapite kulikonse, khalani pansi ndi bukhu lawo la kuchipatala n'kulemba papepala: amayenda okha, ndi ndodo, kapena amachita kunyamulidwa, amadya okha kapena amadyetsedwa, amatsamwa akamamwa madzi, amatha kugwira mkodzo ndi chimbudzi, amaiwalaiwala kapena kusochera, amamwa mankhwala anji, angati, nthawi yanji. Apimitseni sikelo, mulembe makilogalamu ndi tsiku lake. Nambala imeneyi mudzaifuna pakatha mwezi.

Pepalali ndi limene likuuzeni mtundu wa malo oyenera. Pali malo amene ntchito yake ndi kupereka pogona, chakudya ndi anthu ocheza nawo, ndipo kwa gogo woyenda yekha amenewa ngokwanira. Munthu wogona pabedi tsiku lonse, wa katheta (kapaipi kotulutsira mkodzo), wobaya insulini ya matenda a shuga kapena wa zilonda amafunika namwino wophunzira woti azimuona tsiku ndi tsiku. Malo abwino amakana munthu amene sangamuthe. Mukaona akuvomera aliyense asanatsegule n'komwe bukhu la kuchipatala, akuwerenga ndalama amenewo, ntchito sanaiwerenge. Ngati agogo nzeru zawo zili bwino, atengeni akadzionere okha, chifukwa okagona kumeneko ndi iwo.

Ziphaso

Funsani kuti malowo analembetsedwa kuti, ndipo pemphani kuona chiphaso chenicheni ndi maso anu. Kenako dutsani ku ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu mukafunse ngati amawadziwa komanso ngati anayenderako. Dziko lino lili ndi ndondomeko ya okalamba ya 2016 ndiponso lamulo loteteza okalamba limene Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2024, motero kasamalidwe ka munthu wa zaka 60 kupita m'tsogolo si nkhani ya m'banja mokha.

Yunifolomu yoyera siisandutsa munthu namwino. Namwino weniweni amalembetsedwa ku Nurses and Midwives Council of Malawi, pamene dokotala ndi kiliniko ofesala amalembetsedwa ku Medical Council of Malawi. Akati "nesi timakhala naye", funsitsani: amabwera masiku ati, amakhala maola angati, nanga usiku amamupeza bwanji? Nthawi zina nesiyo amangodutsa Loweruka akaweruka kwina. Osamalira enawo sayenera kukhala anamwino onse, koma afunseni eniakewo, osati abwana awo, kuti anawaphunzitsa ndani kunyamula munthu ndi kudyetsa wotsamwa.

Pitani kangapo, nthawi zosiyana

Ulendo woyamba ukhale wopangana, kuti mukambe ndi oyang'anira. Maulendo enawo ingofikani: m'mawa cha m'ma 7 koloko pamene akusambitsa anthu ndi kusintha zofunda, nthawi ya nkhomaliro, ndiponso madzulo kutada, makamaka Lamlungu pamene abwana kulibe. Malo okana mlendo wosapangana ngakhale masana enieni ali n'chobisa.

Mukalowa, mphuno ikhale patsogolo. Fungo la chimbudzi chongochitika kumene m'chipinda chimodzi si mlandu, ndi ntchito yake ya nyumbayo. Choipa ndi fungo la mkodzo wokhalitsa, loluma m'mphuno, limene lalowerera m'matiresi ndi m'makatani. Kwezani shiti ya bedi lopanda munthu muone ngati matiresi ali ndi pulasitiki yosang'ambika komanso ngati ndi ouma.

Kenako werengani antchito amene mukuwaonadi akugwira anthu, kupatula ophika, mlonda ndi wa mu ofesi. Chitani masamu nokha. Kudyetsa bwino munthu mmodzi wofooka kumatenga mphindi 20 mpaka 30. Ngati odyetsedwa alipo 8 ndipo odyetsa ndi awiri, womaliza adya patatha ola limodzi mpaka ola ndi theka, nsima itazizira kale; apo ayi onsewo aziwakankhira chakudya mothamanga. Kutembenuza kapena kunyamula munthu wolemera kumafuna anthu awiri, ndiye ngati usiku pamatsala mmodzi, palibe amene amatembenuzidwa bwino mpaka kucha. Munthu akaitana, yang'anani wotchi mwakachetechete muone kuti papita mphindi zingati asanayankhidwe.

Khungu

Apa m'pofunika kukhalapo nthawi yaitali, chifukwa khungu silinama. Anthu ena okhala m'nyumbamo simungawavule, koma mungaone zikhadabo, tsitsi, milomo, manthongo m'maso, zidendene ndi zovala. Zikhadabo zazitali zokhala ndi zakuda m'kati mwa munthu wovala thewera zikutanthauza kuti amadzikanda m'thewera lonyowa, kenako amadya ndi dzanja lomwelo. Agogo anu akalowa, muziwaona thupi lonse kamodzi pa sabata, mutawapempha, chitseko chili chotseka.

Zilonda za pabedi zimayamba pamene fupa likukanikiza khungu pa matiresi mpaka magazi kusiya kufikapo. Kwa munthu wosatha kudzisuntha, maola ochepa chabe ndi okwanira kuyambitsa vutoli. Malo ake ndi pa fupa la kumapeto kwa msana pamwamba pa matako, m'chiuno m'mbali, zidendene, akakolo, zigongono, mapewa, m'makutu ndi kunkhongo. Mabuku ambiri amati muziyang'ana pofiira, koma pa khungu lakuda kufiirako sikuoneka msanga. Yang'anani podera kuposa pozungulira pake, ponyezimira, potentha kapena pozizira mosiyana ndi pena, polimba kapena pofewa modabwitsa, ndi pamene agogo akudzuma mukakhudza. Chilonda chikaphulika, pansi pake pamakhala patawonongeka kale, ndipo chikazama chimatenga miyezi kuti chipole, china chimalowetsa poizoni m'magazi mpaka kupha.

Njira yopewera ndi yodziwika: kumutembenuza munthu maola awiri alionse, usana ndi usiku. Pilo mmodzi pakati pa mawondo, wina pansi pa akatumba a miyendo kuti zidendene zilendewere osakhudza matiresi. Shiti ikhale yowongoka, yopanda makwinya ndi nyenyeswa za chakudya, ndipo khungu lisagunde pulasitiki. Pomukweza munthu pabedi amunyamule ndi shiti anthu awiri, osamukhwekhwereza, chifukwa kukhwekhwereza kumang'amba khungu cha m'kati. Mukaona wosamalira akutikita mwamphamvu malo oderawo kuti magazi ayende, muuzeni namwino. Kutikitako kumawonjezera kuwonongeka. Wokhala pa njinga ya olumala tsiku lonse naye amachita zilonda pa matako, choncho azimudzutsa ndi kumugoneka.

Pemphani kuona pepala limene amalembapo nthawi yotembenuza. Likamati 10 koloko munthu anagonekedwa kumanzere, pitani mukamuone, ndipo musanachoke pamalopo, patatha maola awiri kapena atatu, kamuoneninso. Pepala lolembedwa ndi dzanja limodzi ndi cholembera chimodzi maola onse 24 linalembedwa nthawi imodzi. Lina mudzalipeza litadzazidwa kale mpaka madzulo dzuwa lisanafike pamutu.

Matewera nawo amaulula zambiri. Munthu wosagwira mkodzo amafuna kusinthidwa kanayi kapena kupitirira pa tsiku, omwe ndi matewera osachepera 120 pamwezi. Akakuuzani kuti paketi ya matewera 10 imakwana sabata, mwadziwa kuti agogo azikhala m'mkodzo. Pali njira ziwiri zachidule zimene antchito otopa amatsata: kuveka matewera awiri pamodzi usiku, ndi kumana anthu madzi kuyambira masana kuti asanyowetse. Yachitatu ndi kuveka thewera munthu amene akanatha kufika kuchimbudzi atamugwira dzanja. Pakapita milungu ingapo munthuyo amasiyiratu kuyenda ulendo umenewo. Wa katheta, thumba lake la mkodzo likhale m'munsi mwa chiuno, lisagone pansi, ndipo paipi isapindike.

Muyang'anenso pakati pa zala ndi pa mikono ngati pali mphere. Anthu angapo akamadzikanda usiku, mankhwala opaka aperekedwe kwa onse tsiku limodzi, antchito omwe, ndipo zofunda zichapidwe ndi madzi otentha. Kuchiza mmodzimmodzi n'kungozunguliza matendawo. Tawulo, lezala ndi chisa aliyense akhale ndi zake. Wotsokomola kwa milungu iwiri akayezedwe chifuwa chachikulu asanapitirize kugona chipinda chimodzi ndi anzake.

Chakudya ndi madzi

Pepala la zakudya lomata pakhoma liwerengeni, kenako pemphani kuona mosungira zakudya ndi m'miphika. Likamati mazira kawiri pa sabata, mazirawo ali kuti? Wokalamba, makamaka wa zilonda, amafuna zomanga thupi tsiku lililonse: nyemba, mazira, usipa wosinja, ndiwo zotendera, mkaka, chambiko, Likuni Phala. Nsima yolimba ndi nyama ya mitsempha kwa munthu wopanda mano ndi njala yomwe. Komanso kumbukirani komwe munthu anakulira. Gogo wa ku Nkhata Bay amene anakulira kondowole, kapena wa ku Karonga wozolowera mpunga ndi nthochi, akamasiya nsima ya mgaiwa si matama. Malo oganiza bwino amafunsa zimenezi tsiku loyamba.

Funsani nthawi ya mgonero ndi ya kadzutsa. Mgonero wa 5 koloko madzulo ndi tiyi wa 8 koloko m'mawa ndi maola 15 opanda kanthu m'mimba. Kwa wodwala shuga amene amabaya insulini kapena kumwa glibenclamide, mpata umenewo ungagwetse shuga pakati pa usiku. Payenera kukhala kaphala kapena mkaka asanagone.

Onererani kadyetsedwe. Wodya akhale tsonga, mutu woweramira pang'ono kutsogolo, ndipo wodyetsa akhale pansi moyang'anana naye, ndi sipuni yaing'ono, kudikira kuti ameze asanamupatse ina. Akatha kudya akhalebe tsonga mphindi 30. Kudyetsa munthu chogona, kapena kumuthira madzi mutu uli chagada, kumalowetsa chakudya m'mapapo, ndipo chibayo cha okalamba ambiri ogwidwa sitiroko chimayambira pamenepo. Kutsokomola pakudya, mawu omveka ngati muli madzi pakhosi, ndi chakudya chotsalira m'tsaya ndi zizindikiro zoti namwino aone msanga. M'kamwa muzitsukidwa kawiri pa tsiku, ngakhale mwa munthu wopanda dzino ndi limodzi lomwe.

Madzi ndi amene amaiwalika kwambiri. Wokalamba samva ludzu msanga, ndipo m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi sapempha n'komwe. Amafunika lita imodzi ndi theka mpaka malita awiri pa tsiku, makapu 6 mpaka 8, kuphatikizapo tiyi ndi thobwa, pokhapokha ngati dokotala anachepetsa chifukwa cha mtima kapena impso. Onani ngati kapu ili pofikira dzanja, ndipo kwa wa sitiroko ikhale ku mbali yamoyo. Lilime louma, mkodzo wochepa wachikasu kwambiri, kudzimbidwa ndi kusokonezeka mutu ndiye zizindikiro zake. Kutsina khungu sikuthandiza kwa wokalamba poti khungu lake n'lokwinyika kale. Funsaninso kuti madzi akasiya kutuluka m'mipopi amachita bwanji: thanki ilipo? Zidebe zakumwa n'zovindikira ndi zothira kolorini? Kolera wa 2022 ndi 2023 anafika m'maboma a kumpoto kuno, ndipo m'nyumba ya anthu ofooka ogwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi, matenda otsegula m'mimba sakhalira munthu mmodzi.

Sikelo ikhalepo, ndipo aliyense azipimidwa mwezi ndi mwezi. Kutsika ndi 5 peresenti m'mwezi umodzi, kapena 10 peresenti m'miyezi 6, n'koopsa. Kwa gogo wa makilogalamu 50, ndiye kuti akataya makilogalamu awiri ndi theka pamwezi, pafunika dokotala, osati kungoti ndi ukalamba.

Mankhwala

Akhale m'kabati yokiya, a munthu aliyense paokha ndi dzina lake, osati mapiritsi osakanikirana m'mabotolo opanda zolemba. Pakhale pepala limene wopereka amasainapo nthawi yomweyo wapereka. Njira yosavuta yoyesera ndi kuwerenga: ngati mwasiya mapiritsi 30 a BP pa 1, omwa limodzi pa tsiku, madzulo a pa 20 atsale 10. Akatsala 17, masiku 7 sanamwe, kaya pepala likuti chiyani. Akatsala ochepa, mwina akugawira ena. Onani masiku othera mphamvu, ndipo funsani kuti ndani amakumbukira masiku a kiliniki ya BP, shuga ndi ma ARV, ndani amaperekeza, ndipo mayendedwe amalipira ndani.

Insulini yosatsegula imasungidwa mufiriji pa madigiri 2 mpaka 8, ndipo isaundane ngati ayezi. Funsani chimene amachita magetsi akazima nthawi yaitali. Makina oyezera BP, oyezera kutentha kwa thupi ndi oyezera shuga awatulutse muone ngati akugwira ntchito. Oyezera shuga kawirikawiri amakhalapo koma timapepala take tinatha kalekale. Mufunseni wosamalira wa usiku funso ili: gogo wa shuga akayamba thukuta, kunjenjemera ndi kubwebweta, mumatani? Yankho labwino n'lakuti ayeze, ndipo shuga akakhala pansi pa 70, kapena pansi pa 4 pa makina owerenga mwa njira inayo, amumwetse madzi osungunuliramo masipuni atatu kapena anayi a tiyi a shuga ngati akutha kumeza, n'kuyezanso pakatha mphindi 15. Wokomoka sathiridwa kanthu m'kamwa, amathamangira naye kuchipatala.

Mukapeza anthu ambiri akusinza 10 koloko m'mawa, mitu ili pachifuwa, dovu likutuluka, funsani za mankhwala ogonetsa. Diazepam, chlorpromazine ndi haloperidol ali ndi ntchito yake akalembedwa ndi dokotala, koma ena amawagwiritsa ntchito kuti nyumba ikhale phee. Munthu wogonetsedwa chotero amagwa, amatsamwa, ndipo sadzitembenuza. Mankhwala atsopano alionse amene agogo ayamba, inu muuzidwe dzina lake, chifukwa chake ndi amene walemba.

Kuzizira, kugwa ndi usiku

Mzuzu ndi wozizira, ndipo thupi lokalamba silisunga kutentha. Gwirani manja ndi mapazi a agogo, werengani mabulangete pabedi, onani magalasi osweka a mawindo. Funso lofunika kwambiri ndi lakuti amatenthetsa bwanji zipinda. Mbaula ya makala m'chipinda chotseka imatulutsa mpweya wakupha umene ulibe fungo kapena mtundu. Munthu amamva mutu, kusinza, mwina kusanza, kenako sadzuka. Malo olowetsa mbaula m'chipinda chogona musawaganizire kawiri. Botolo la madzi otentha likulungidwe m'nsalu, ndipo lisaikidwe ku mapazi a wodwala shuga kapena ku mbali yakufa ya wa sitiroko, poti amapsa osamva. Madzi osamba aziyesedwa ndi chigongono. Mvula ya kuno imatenga nthawi yaitali ndipo zochapa siziuma msanga, choncho funsani kuti bedi lililonse lili ndi mashiti angati, ndipo nunkhizani mabulangete ngati alibe chinyontho. Neti ikhale yopachikidwa, osati yosungidwa mu katoni.

Simenti yopolishidwa mpaka kuwala imakondweretsa alendo koma ndi imene imathyola anthu chiuno. Yang'anani zogwirira m'makhonde, m'bafa ndi m'chimbudzi, mpando wosambirapo, ndi chimbudzi chokhalira. Gogo wa mawondo owawa sanganjute pa chokumba, ndipo njira yopita panja usiku m'matope si ya munthu wa ndodo. Chitseko chikhale chotakata masentimita 80 kapena kuposa kuti njinga ya olumala idutse. Potsetserekera njinga, sitepe ya masentimita 15 imafuna malo otsetsereka otalika masentimita 180. Potsetsereka kwambiri kuposa apo munthu amagudubuzika. Magetsi akazima pakhale nyale za sola, osati makandulo pafupi ndi neti.

Funsani bukhu lolembamo anthu akagwa. Akati kuno sagwa, ndiye kuti salemba kapena saimiritsa anthu n'komwe. Wosamalira wophunzira amadziwa kuti munthu akagwa n'kulephera kuima, mwendo umodzi ukuoneka waufupi ndipo phazi lagwera kunja, chiuno chathyoka ndipo sayenera kumuimiritsa. Amadziwanso kuti womenyetsa mutu, makamaka womwa aspirin kapena warfarin, mankhwala ochedwetsa kuundana kwa magazi, ayenera kukaonedwa kuchipatala ngakhale akuseka.

Usiku amatsala ndani, ndipo amakhala maso kapena amagona? Mlonda si wosamalira. Pa mawindo pali zitsulo, zitseko zili ndi maloko: kiyi amakhala ndi ndani, ndipo moto utabuka anthu osayenda angatulutsidwe bwanji? Galimoto yopita ku Mzuzu Central Hospital 2 koloko usiku ichokera kuti, mafuta ake alipira ndani? Agogo akagonekedwa kuchipatala, gadiyani akhala ndani, inu kapena wantchito wawo? Zimenezi zimayambanitsa anthu kwambiri zikapanda kukambidwa kale. Wosamalira aliyense adziwe kuti kukhota pakamwa, kufooka dzanja ndi kulankhula kosamveka kobwera mwadzidzidzi ndi sitiroko, ndipo sadikira kuti kuche.

Ulemu ndi chilankhulo

Mvetserani mmene antchito akuitanira anthu. Agogo, amama, adada, kapena "iwe" ndi "uja wa pakona"? Amagogoda asanalowe? Amatseka chitseko posambitsa? Amayi ambiri achikulire salola kusambitsidwa ndi mwamuna, ndipo ena amayamba kukana kusamba chifukwa cha chimenechi osanena. Munthu wa matenda oiwalaiwala kawirikawiri amabwerera ku chilankhulo chimene anayamwira, ngakhale anagwira ntchito zaka zambiri m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Ngati agogo atsala ndi Chitumbuka, Chitonga kapena Chinkhonde chokha, pa shifiti iliyonse pakhale wowamva. Wolephera kumva kuti akupempha "maji" adzalemba kuti agogo akuvuta.

Kumangirira munthu pampando ndi chitenje, kumutsekera m'chipinda kapena kumuopseza si chisamaliro cha woiwalaiwala. Zipsera zozungulira pa mikono ndi akakolo, mikwingwirima m'kati mwa mikono, kudzidzimuka wantchito wina akayandikira kapena kukhala chete iye akalowa, zonsezi zifufuzeni. Malo odziwa ntchito amakhala ndi mpanda woti munthu aziyenda momasuka pabwalo, ndipo amamupatsa chochita: kutongola chimanga, kusankha nyemba, kupinda zovala, kuimba nyimbo za kutchalitchi kwake. Siyanitsani kuiwala kwa pang'onopang'ono ndi kusokonezeka kwa tsiku limodzi kapena awiri. Kwadzidzidziko kawirikawiri ndi malungo, matenda a m'njira ya mkodzo, chibayo, shuga kapena kuchepa kwa madzi m'thupi, ndipo kumachizika. Pa nkhani za maganizo ndi kuiwalaiwala, ku Mzuzu kuli a St John of God amene ntchito yawo ndi yomweyo. Ndipo mukamva wantchito akunong'ona kuti gogo woyenda usiku uja ndi mfiti, musaseke nawo. Kutchula munthu mfiti ndi mlandu pansi pa lamulo la zaufiti la 1911, ndipo wantchito wokhulupirira zimenezo sadzamugwira gogoyo ndi manja achifundo.

Ndalama ndi pangano

Zonse zilembedwe: malipiro a pamwezi akuphatikiza chiyani, matewera, sopo, mankhwala ndi mayendedwe a kuchipatala zili momwemo kapena n'zapadera, mtengo ukamakwera adzakuuzani masiku angati kusanachitike, mukafuna kuwachotsa agogo pamafunika chiyani, ndipo akamwalira amaimbira ndani. Landirani lisiti pa ndalama iliyonse. Chiphaso cha unzika, khadi la kubanki, nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money, ndalama za penshoni ndi za Mtukula Pakhomo ndi za agogo. Ngati nyumbayo izisunga kandalama ka m'manja, pakhale kabukhu kosainirana. Malo opempha kuti nyumba kapena munda wa agogo ulembedwe m'dzina lawo ngati malipiro, musasaine kanthu musanaonane ndi wodziwa malamulo. Lembani mndandanda wa katundu amene alowa naye, ndipo zovala ndi mabulangete muzilembe dzina.

Akalowa

Mwezi woyamba muzipita pafupipafupi, masiku osinthasintha, ndipo abale musinthane kuti maso akhale ambiri. Khalani ndi kope limodzi la banja lolembamo tsiku, kulemera, mmene khungu lilili, mapiritsi otsala ndi zimene agogo anena. Pezani mphindi zocheza nawo panokha popanda wantchito pafupi, ndipo funsani mafunso olunjika: mwadya chiyani m'mawa, usiku mukaitana amabwera ndani, alipo amene mumamuopa? "Muli bwanji" amayankhidwa "ndili bwino" ndi wokalamba aliyense wosafuna kuvutitsa ana. Milungu yoyambirira munthu amatha kukhumudwa ndi kudya pang'ono chifukwa cha malo achilendo, koma zisapitirire mwezi popanda wochitapo kanthu. Muonenso ngati nkhope za antchito zikusintha mwezi uliwonse; kumene anthu salipidwa bwino sakhalitsa, ndipo wobwera kumene sadziwa kuti gogo uyu amatsamwa, uyo amagwa.

Zinthu zing'onozing'ono, monga juzi yosowa kapena tiyi wozizira, kambiranani ndi oyang'anira mwaulemu, mupangane tsiku loti zikonzedwe, mudzaonenso. Zikabwerezeka, lembani kalata n'kusunga kope lake. Koma chilonda cha pabedi chimene anakubisirani, kugwa kosakuuzani, kumangidwa, kumenyedwa, kugwiriridwa kapena kubedwa ndalama si zokambirana pa ofesi. Jambulani chithunzi chokhala ndi tsiku agogo atalola, apititseni kuchipatala tsiku lomwelo kuti dokotala alembe zimene waona m'bukhu lawo, kenako kanenani ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ndi ku Victim Support Unit ya polisi. Ngati wolakwa ndi namwino, dandaulo lipitenso ku Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo a Malawi Human Rights Commission ndi a MANEPO, mgwirizano wa mabungwe a okalamba, amalandiranso nkhani zotere. Pamene nkhani ikufufuzidwa agogo asagonenso kumeneko. Atengeni pamodzi ndi bukhu lawo la kuchipatala, mankhwala onse ndi ziphaso zawo.